Anandiunika m'matumbo ndi kamera: adokotala ndawayamikira, koma pepala lawo lija ayi

Ndine telala pa Chitakale, ndili ndi zaka 51, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pansi kuchokera m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lomwe ndinaona timagazi pa pepala kuchimbudzi sindinadabwe konse. Ndinangoti ndi mudzi basi, matenda athu atelala ndi madalaivala. Ndinagula mafuta opaka ku famase, mlamu wanga naye anandibweretsera mizu ina yochokera ku Limbuli yoti ndiziviika m'botolo, ndipo magazi aja ankabwera n'kusiya, kubwera n'kusiya, mpaka miyezi isanu inatha.

Chomwe chinandidzutsa n'chakuti m'mimba munasintha khalidwe. Ine amene moyo wanga wonse ndinkapita kuseri kamodzi m'mawa ngati wotchi, ndinayamba kudzimbidwa masiku atatu, kenako n'kutsegula masiku awiri. Ndikamaliza ndinkamvabe ngati kwatsala kanthu. Mayi akunyumba ndi amene anandiphulira nkhani. Anati, "Bambo, masiku ano mukumachedwa kuseriku. Mukubisa chiyani?" Sindinawayankhe, koma m'mawa mwake anandisitira malaya n'kuika kabuku ka kuchipatala pamwamba pake.

Pa chipatala cha kwathu kuno ndinakumana ndi kilinikala ofisala wachinyamata, woti akhoza kukhala mwana wanga. Anandipima ndi chala, zomwe sindidzazifotokoza, anatenga magazi, anapemphanso chimbudzi m'kabotolo. Zotsatira zinati magazi achepako pang'ono, ndipo m'chimbudzi muli mazira a likodzo. Ine ndinkadziwa likodzo lokodza magazi lokha, koma anandiuza kuti liliponso la m'matumbo, lomwe limatulutsa magazi m'chimbudzi. Kwa munthu amene anakula akusambira mu Ruo ndi kuwedza matemba ku Thuchila, zimenezo sizinali zodabwitsa. Ndinamwa praziquantel, anandipatsanso mapiritsi a ayironi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu poganiza kuti mlandu watha.

Patapita milungu isanu ndi umodzi magazi anabweranso. Mnyamata uja atandiona anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo, mudzi muli nawo, likodzo munali nalo, koma pa msinkhu wanuwu sitinganamizire mudzi tisanaone kumtunda." Anandiwerengera zinthu zomwe madokotala amaopa zikakhalitsa milungu ingapo: magazi m'chimbudzi, kaya ofiira kaya akuda, kusinthasintha kwa m'mimba, chimbudzi chopyapyala ngati pensulo, kupotokola kosatha, kuwonda popanda chifukwa, kufooka chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Anati zonsezi zikhoza kukhala khansa ya m'matumbo, zikhozanso kukhala kamwazi, zilonda, kapena zotupa zosaopsa, ndipo palibe munthu angasiyanitse pongomvetsera. Anandipatsa njira ziwiri: kalata yopita ku Gulupu, kapena kukalipira ku kiliniki yomwe imaunika matumbo ndi kamera, zomwe iwo amati colonoscopy. Ine tulo tinali titandithawa kale, choncho ndinasankha kulipira. Mbuzi imodzi inapita, ndipo mayi akunyumba anakabwereka zotsalazo ku banki m'khonde.

Chinawonjezera mantha ndi mwana wanga wamwamuna. Anatenga foni n'kuyamba kundiwerengera za Chadwick Boseman, katswiri wa mafilimu wa ku America amene anamwalira ndi khansa imeneyi mu 2020 ali ndi zaka 43 zokha. Anachita izi pofuna kuti ndisazengereze, koma kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkatenga tepi yanga yoyezera makasitomala n'kudziyeza chiuno. Mainchi 36. Mawa lakenso 36. Ndinkakoka tepi mwamphamvu ngati ndikufuna kuigwira bodza.

Kilinikiyo ili ku Blantyre ndipo dzina lake sinditchula, chifukwa zina zomwe ndinene pano sizowakomera. Malo ndi aukhondo, mipando yokwanira, chimbudzi chili ndi madzi ndi sopo, chinthu chomwe pa matenda awa n'chofunika kuposa wailesi yakanema yomwe anapachika pakhoma. Mtsikana wa pa desiki anandiuza mtengo asanalembe dzina langa, ndipo ndinakondwa nazo. Chomwe sanandiuze ndidzachitchula kutsogoloku.

Adokotala ake ndiye anandigwira mtima. Sanathamange. Anandifunsa za bambo anga, amene anamwalira atatupa mimba popanda wodziwa chomwe chinawatenga, anafunsanso ngati ndimasuta, ngati ndimamwa, ndi ndiwo zomwe ndimakonda. Kenako anatembenuza pepala n'kujambula thumbo lalikulu, lomwe limakwera kudzanja lamanja la mimba, n'kudutsa pamwamba, n'kutsikira kumanzere mpaka kotulukira. Anati n'lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ine n'kuti, "Ndiye nsalu ya malaya amodzi a manja aafupi." Anaseka n'kuvomera.

Pa chithunzi chomwecho anajambula kanthu konga bowa komera m'kati mwa thumbo. Anati zinthu zimenezi zimatchedwa polyp, ndipo anthu ambiri akapitirira zaka 50 amakhala nazo osadziwa. Zambiri si khansa ndipo sizidzakhala khansa. Koma pali mtundu wina, wotchedwa adenoma, womwe ukasiyidwa ukhoza kusintha pang'onopang'ono, nthawi zambiri patatha zaka khumi kapena kuposerapo, n'kusanduka khansa. Khansa yambiri ya m'matumbo imayambira pa timabowa timeneti. Ndiye ukachotsa bowa akadali wamng'ono, watseka njira. Anandifotokozeranso chifukwa chomwe anthu ena amaona magazi pomwe ena saona kanthu: chotupa chikakhala kumanzere, pafupi ndi kotulukira, magazi amaoneka ofiira ndipo chimbudzi chimavuta kudutsa, chikakhala kumanja, magazi amadontha pang'onopang'ono n'kusakanikirana, munthu n'kumangofooka ndi kuyera m'maso osadziwa komwe magazi ake akupita. Anatinso ku America tsopano amalangiza aliyense kuyamba kuunikidwa akafika zaka 45 ngakhale asakumva kuwawa kulikonse, pomwe kale ankati 50.

Mphindi makumi awiri zimenezo zinandichotsera katundu amene ndinasenza miyezi iwiri. Ndinalowa m'chipindamo ndikudziwa mawu amodzi okha, akuti chotupa ndi imfa. Ndinatuluka ndikudziwa kuti zotupa zili ndi mitundu ngati nsalu, ina yosuluka ina yosasuluka.

Tsopano za pepala lija.

Kamera singaone kanthu ngati m'matumbo muli chakudya, choncho amakupatsa mankhwala otsuka m'mimba ndi pepala la malangizo. Langa linali la Chingerezi chokhachokha, zilembo zing'onozing'ono ngati za pa botolo la mankhwala a tizirombo. Linalembedwa ndi munthu amene sanaonepo mbale ya munthu wa ku Mulanje. Linkati tsiku lomaliza ndidye jelly ndi kumwa juwisi wa maapozi. Jelly ndikamupeza kuti pa Chitakale? Za mgaiwa, nandolo, kalongonda, chigwada, mapeyala ndi zinanazi, zomwe ndi chakudya changa chenicheni, panalibe liwu ndi limodzi lomwe. Mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 4, ndiye anakhala pansi n'kumasulira mzere ndi mzere, ndipo ndi iyeyo anatulukira chiganizo chobisika pansi penipeni chonena kuti mapiritsi a ayironi asiyidwe kutatsala sabata, chifukwa amadetsa m'matumbo. Pa kiliniki palibe amene anandifunsa za mapiritsiwo pakamwa, ngakhale analembedwa m'kabuku kanga. Akanapanda mwanayo, ndalama ya mbuzi ikanapita pa kuunika mdima.

Ndinaimba foni kufunsa zoti ndidye. Anesi amene anayankha anali achifundo, ndipo anandiuza m'Chichewa chomveka: masiku awiri kapena atatu omaliza ndisiye nyemba, masamba, mgaiwa ndi zipatso za njere, ndizidya nsima ya ufa woyera, mpunga, mazira, nsomba, tsiku lomaliza ndimwe zamadzi zoyera zokha, tiyi wopanda mkaka, msuzi wa nkhuku wosefa, madzi ambiri, osamwa chilichonse chofiira. Zinawatengera mphindi zitatu. Ndiye n'chifukwa chiyani mphindi zitatu zimenezo osazilemba pa pepala kamodzi n'kumapatsa aliyense? Makasitomala awo ambiri amadya nsima, sadya jelly.

Mankhwalawo ndi ufa wosungunula m'madzi malita angapo, ndipo kakomedwe kake ndi ka madzi a mchere osakaniza ndi sopo. Theka umamwa madzulo, theka m'bandakucha wa tsiku lounikalo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma usiku umenewo chitseko sindinachitseke n'komwe. Ndinakokera mpando pafupi ndi chimbudzi, tochi m'manja, mphepo ya m'phiri ikundilowa m'mafupa, galu akundiyang'ana modabwa.

Cholakwa chachikulu chinali cha m'mawa, ndipo ndikuchigawa pakati: theka changa, theka chawo. Palibe amene anandifunsa kuti ndimachokera kuti, ngakhale pa fomu ndinalemba Mulanje ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinamwa theka lachiwiri 4 koloko m'mawa, 6 koloko n'kukwera minibasi pamodzi ndi mayi akunyumba. Mpaka pa Luchenza zinali bwino. Titayamba kukwera kulowera ku Thyolo, m'mimba munalira ngati chigayo. Ndinagwira kondakitala paphewa n'kumunong'oneza, iye n'kukuwa kuti, "Adalaiva, imani, madala awa zawavuta!" Minibasi yonse inatembenuka. Ndinatsika n'kulowa m'munda wa tiyi, ndipo ndiyamike amene anabzala mbewu imeneyo, chifukwa munthu ukanjuta umabisika bwinobwino. Azimayi othyola tiyi anali chapatali ndi madengu awo kumsana, ndipo anachita ngati sanandione. Tisanafike pa Bvumbwe ndinaimitsanso kachiwiri. Mayi wina wonyamula nthochi anati, "Asiyeni, matenda sasankha," ndipo anthu analeka kung'ung'udza. Mawu amodzi okha a kiliniki, akuti wochokera kutali agone ku Limbe kapena ku Blantyre, akanandipulumutsa ku manyazi onsewa. Ndili ndi msuweni ku Bangwe amene akanandisunga.

Kuunika kwenikweniko, komwe ndinkakuopa kwambiri, ndiye kunali kopepuka kuposa zonse. Anandiveka chovala chotsegula kumbuyo, chosokedwa mosasamala ndithu, msoko wake wokhota, koma anandifunditsa nsalu ina kotero kuti ulemu wanga unasungika. Anandibaya kasingano pamkono, anandigoneka chammbali cha kumanzere maondo atapindidwa, anesi n'kunena kuti, "Bambo, tikupatsani mankhwala oti muwodzere, musaope." Ndikukumbuka ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma. Kenako ndikukumbuka mayi akunyumba atakhala pambali panga akundifunsa ngati ndikuwazindikira. Anati zinatenga mphindi pafupifupi 40. Ululu sindinamve. M'mimba munangodzaza mpweya womwe amapopera kuti thumbo litseguke, ndipo anesi anati, "Musachite manyazi, tulutsani, muno ndi nyimbo ya tsiku ndi tsiku." Anandipatsa tiyi wa shuga ndi mabisiketi awiri, ndipo sindinalaweko tiyi wokoma chotero ngakhale ndimakhala pakati pa minda yake.

Mutu utayera, adokotala anatiitana tonse awiri n'kutembenuza kompyuta kuti tione. M'kati mwa munthu ndi mofiirira, monyezimira, mopindikapindika ngati paipi yothirira. Anationetsa mudzi, womwe anati mwina ndi umene unkatulutsa magazi ambiri. Kenako anationetsa zotupa ziwiri. China chinali chaching'ono ngati njere ya mapira. Chinacho chinali ndi kamwendo ndi kamutu, bowa weniweni, mamilimita 12, kumanzere. Zonse anali atazidula kale ndi kawaya kokhala ngati khwekhwe kodutsira m'kapaipi ka kamera komweko, popanda kung'amba mimba. Mayi akunyumba anafunsa funso lomwe ine pakamwa panauma kufunsa: "Adokotala, ndi khansa?" Iwo anayankha kuti, "Mayi, m'maso mwanga zikuoneka zabwino. Koma diso langa si makina a ku labotale. Tidikire aziyeze." Yankho limenelo ndinalida tsiku limenelo, koma lero ndimalilemekeza. Akanatha kutisangalatsa ndi bodza.

Apa ndi pomwe panatulukira chomwe mtsikana wa pa desiki sananene. Kuyeza zotupazo ku labotale kunali ndi mtengo wakewake, ndipo kudula nakonso anawonjezera kangachepe. Sindikuti anandibera, ntchito inagwiridwa ndipo ndi yofunika kulipira. Koma munthu amene wagulitsa mbuzi amawerengera tambala iliyonse, ndipo kumuuza za ndalama ina akadali dzandidzandi ndi mankhwala ogonetsa si chilungamo. Tinachita kuimbira mlamu uja wa mizu kuti atitumizire pa foni. Ine kasitomala akabwera ndi suti ndimamuuziratu kuti lainingi, mabatani ndi zipi n'zapadera. Sindidikira kuti avale kaye.

Anati zotsatira zituluka pakatha masiku khumi. Zinatenga masiku 24. Kuchedwako ndikhoza kukumvetsa, chifukwa zinthuzo zimapita kwa akatswiri ena. Chomwe sindikumvetsa n'chakuti palibe amene anaimba kunena kuti zachedwa. Ine ndi amene ndinkaimba, mayunitsi kumathera pa nyimbo yodikirira, woyankha aliyense n'kumati aimbanso, osaimba. M'masiku amenewo ndinadula molakwika mabulauzi atatu a amayi a Mvano, chinthu chomwe sichinandichitikirepo chiyambire kugwira sizasi, ndipo ndinagula nsalu ina ndi ndalama yanga. Munthu wodikira kumva ngati ali ndi khansa sagona, sadya bwino, amayang'ana ana ake n'kumawerengera fizi yomwe yatsala. Uthenga umodzi wa pa foni wonena kuti sitinakuiwaleni ukanakwanira.

Tsiku la 24 adokotala anaimba okha, madzulo, ndikutseka shopu. Anapepesa kaye, kenako anati kachotupa kakang'ono kaja n'ka mtundu wosaopsa konse. Chachikulu chija ndi adenoma, mtundu uja wotha kusintha, koma munalibe khansa ndipo chinachoka chonse. Ndinakhala pansi pa sitepe ya shopu, anyamata a kabaza akundiyang'ana. Anapitiriza kuti popeza chinapitirira sentimita imodzi, ndidzabwerenso pakatha zaka zitatu kuti adzaonenso, chifukwa munda womwe unamera bowa ukhoza kumeranso. Magazi akabweranso ndisadikire zaka zitatuzo. Anandilangiza kuchepetsa nyama yofiira ndi masoseji, kusiya fodya ngati ndimasuta, kuchepetsa mowa, kuyenda, ndi kubwerera ku mgaiwa, nandolo ndi masamba omwe anandiletsa masiku atatu aja. Ndinaseka ndekha kuti chakudya chomwe tinkachiyesa chaumphawi ndi chomwe matumbo amafuna. Pomaliza anati ndiwauze abale anga a bere limodzi, chifukwa zinthu izi zimayenda m'magazi, ndipo amene wafika zaka 40 akalankhule ndi dokotala za kuunikidwa.

Mukandifunsa ngati ndingatumizeko munthu, nditi eya, ndipo ndatumizako kale mnzanga wina wa ku Chisitu. Manja a adokotala ndi anesi ake ndi abwino, amafotokoza m'chilankhulo chathu, ndipo sakuchititsa manyazi. Koma ndinamuuza kuti afunse mtengo wonse, wa labotale womwe, asanamwe kapu yoyamba ya mankhwala aja. Apite ndi munthu womuperekeza chifukwa ukadzuka sungayende wekha. Atenge nambala ya anesi osati ya pa desiki. Ndipo koposa zonse akagone ku tauni. M'malo mwa pepala la Chingerezi lija ndinamupatsa lomwe mwana wanga analemba pamanja m'Chichewa. Ndinawatumiziranso a kiliniki chithunzi chake kuti mwina angalitayipe. Anayankha ndi kachala koloza m'mwamba, ndipo mnzanga atapita anamupatsabe la jelly lomwe lija.

Achimwene anga aakulu a ku Luchenza, a zaka 56, ndinawauza zonse, chithunzi cha bowa uja ndinawaonetsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera, n'kunena kuti iwo kamera yolowera kumeneko ayi, kuli bwino afe ndi ulemu wawo. Alamu anga anandipsinyira diso kuti ndiwasiyire nkhaniyo m'manja mwawo. Mlungu watha anabwera ku shopu kudzasoketsa chilundu, ndipo ali mkati moyezedwa anandifunsa motsitsa mawu ngati msuweni wa ku Bangwe uja akadali ndi chipinda chogona alendo.